Achemwali, masters ya Economics ija musaiike pa "ndidzaona"

Pali mawu amene timawamva pafupipafupi kwa atsikana anzathu amene anamaliza digiri yoyamba, kaya ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu kapena kwina kulikonse: "Masters ndidzapanga, koma ndiyambe ndakhazikika kaye." Mukafunsa kuti kukhazikikako n'kutani, mndandanda wake umakhala umodzimodzi. Ntchito ya pamwezi, chinkhoswe, ukwati, mwana woyamba, kenako tidzaona. Anyamata amene tinali nawo kalasi imodzi, ena mwa iwo ankakopera manotsi athu, sadikira zonsezo. Zaka zitatu zikamatha mumangoona chithunzi pa Facebook munthu atavala gauni yachiwiri, ndipo chaka chinacho ali pa wailesi kutifotokozera chifukwa chake sopo wakwera mtengo.

Lero tikulankhula ndi inu amene munachita Economics, Agricultural Economics, Statistics, masamu kapena maphunziro ena oyandikana nawo, ndipo mumadziwa mumtima mwanu kuti mutu ulipo. Tikuti pitani mukachite digiri yachiwiri ya zachuma, ndipo kukonzekera kuyambe chaka chino. Za gauni ndi zilembo zowonjezera kumapeto kwa dzina ife tilibe nazo ntchito. Timagwira ntchito m'midzi ya ku Phalombe, ndipo chifukwa chathu chili m'thumba la nandolo.

Amene munakulira m'tauni mwina nandolo mumangomudziwa ngati ndiwo. Kuno kwathu, kuyambira ku Migowi mpaka ku Chiringa ndi ku Nkhulambe, nandolo ndi fizi, ndi yunifolomu, ndi malata, ndi ndalama ya kuchigayo. Amabzalidwa pakati pa chimanga, safuna feteleza wambiri, ndipo m'mabanja ambiri amene amamuthyola, kumupuntha ndi kumupeta ndi mayi. Wambiri mwa nandolo ameneyu sadyedwa kuno. Amachoka m'manja mwa mayiyo kupita kwa venda wa sikelo, kuchoka apo kumakampani a ku Limbe ndi Blantyre, kenako padoko la ku Mozambique, ulendo wa ku India kumene amamudya tsiku ndi tsiku. Mu Ogasiti 2017 boma la India linalamula kuti nandolo wolowa m'dziko lawo asapitirire matani 200,000 pa chaka, chifukwa alimi akwawo anali atakolola wochuluka. Chiganizocho chinapangidwa ku New Delhi, koma sichinachedwe kufika pakhonde la mayi wa ku Phalombe. Mtengo unagweratu. Ena anasunga matumba m'nyumba kudikira kuti mwina ukwera mpaka anankafumbwe analowamo, ena anangogulitsa motaya. Mu 2021 maboma a Malawi ndi India anasainirana mgwirizano woti matani 50,000 a nandolo wathu azilowa ku India chaka chilichonse kwa zaka zisanu.

Mgwirizano ndi wabwino, inde. Koma pa ndalama imene kampani imalandira pa kilo imodzi, ndi ingati imene imafika kwa amene anapeta? Mavenda akagwirizana mtengo umodzi pamsika, mlimi amataya zingati? Nanga mayi akanakhala ndi posungira pabwino n'kudikira miyezi itatu, akanapindula kapena chiwongoladzanja cha ngongole chikanamudyera zonse? Awa ndi mafunso a akatswiri a zachuma, ndipo amayankhidwa ndi manambala. Takhala pamisonkhano yambiri ndipo tawona mmene zimayendera. Ukaimirira n'kunena kuti "amayi akuvutika", amakuwombera m'manja, kukupatsa botolo la zoziziritsa kukhosi, n'kupitirira ndi mutu wina. Ukaimirira ndi pepala losonyeza mitengo ya misika khumi kwa zaka zisanu, n'kuwonetsa pamene ndalama ikutsakamira, chipinda chimakhala chete ndipo wina amakufunsa nambala ya foni.

Tengani nkhani ya kwacha. Mu Meyi 2022 mphamvu yake inatsitsidwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi inachoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki, ndipo mwezi womwewo bungwe la IMF linavomereza ngongole yatsopano ya dziko lino. Buku la chaka choyamba ku yunivesite limati dziko likatsitsa mphamvu ya ndalama yake, ogulitsa katundu kunja ndi amene amapindula. Ndiye kuti mlimi wa nandolo anayenera kuvina, eti? Koma iyeyu amagulitsa kamodzi pa chaka, nthawi yokolola, aliyense akugulitsa, ndipo kawirikawiri amakhala atatenga kale katapila mu Januwale chimanga chitatha m'nyumba. Sopo, mchere, mafuta ophikira, feteleza ndi thiransipoti amagula chaka chonse, ndipo zimenezi zimakwera m'mawa wotsatira chilengezo. Mtengo wa pasikelo umakwera liti, ndipo ndi zingati? Kusiyana kwa liwiro la mitengo iwiriyi ndi kumene kumatiuza ngati banja lidya kawiri kapena kamodzi pa tsiku. Munthu wodziwa econometrics akhoza kuliyeza. Ife tikufuna munthu ameneyo akhale woti anasenzapo ndowa ya nandolo pamutu, kapena amayi ake anasenzapo.

Tawerengani maina awa: Goodall Gondwe, Ken Kandodo, Ken Lipenga, Maxwell Mkwezalamba, Joseph Mwanamvekha, Felix Mlusu, Sosten Gwengwe, Simplex Chithyola Banda. Onsewa akhalapo nduna za zachuma. Awa nawo: Perks Ligoya, Charles Chuka, Dalitso Kabambe, Wilson Banda. Akhalapo akuluakulu a Reserve Bank of Malawi. Mwaona chimene chikusowa. Sikuti amayi odziwa zachuma kulibe m'dziko muno ayi. Dr Naomi Ngwira anafika pokhala wachiwiri kwa gavanala wa banki yaikuluyo, ndipo bungwe la akatswiri a zachuma la ECAMA latsogoleredwapo ndi amayi. Ku Nigeria Ngozi Okonjo-Iweala anakhala nduna ya zachuma kawiri, ndipo kuyambira mu 2021 akutsogolera bungwe la zamalonda la dziko lonse la WTO. Koma kwathu kuno mukawerenga amayi otere, zala za manja awiri zimatsalako.

Tili ndi lamulo la Gender Equality Act la 2013 limene limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse ndipo asapitirire 60. Timalitchula kwambiri pa zionetsero ndipo tizilitchulabe. Koma lamulo lomwelo limasiya kakhomo: ngati wofunsira ntchito alibe maphunziro kapena luso lofunikira, olemba ntchito sakakamizidwa. Kakhomo kameneka ndi kamene amatulukira. "Tinafunafuna koma sitinapeze mayi wa mapepala oyenera." Nthawi zina ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo tiyenera kuliyalutsa. Nthawi zina amanena zoona. Taonani zotsatsa ntchito za maudindo a pamwamba a zachuma ku Capital Hill, ku National Planning Commission, kumabanki ndi kumabungwe akunja. Mzere woyamba kawirikawiri umafuna digiri yachiwiri. Kakhomo kaja titseke ndi mapepala athu.

Palinso china chimene ambiri sitichidziwa. Atsikana a kuno kummwera anafufuzidwa kale ndi akatswiri a zachuma, ndipo zotsatira zake zimaphunzitsidwa m'mayunivesite a kunja. Mu 2008 ndi 2009, m'boma la Zomba loyandikana nafeli, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anachita kafukufuku wopereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana ndi makolo awo. Ena ankalandira pokhapokha akamapita kusukulu, ena ankalandira popanda lamulo lililonse. Anapeza kuti ndalama ya lamulo ija inathandiza kwambiri kuti atsikana asasiye sukulu, koma ndalama yopanda lamulo ndi imene inachepetsa kwambiri maukwati ndi mimba za msanga, makamaka kwa amene anali atasiya sukulu. Atabwereranso patatha zaka ndalamayo itasiya, anapeza kuti zambiri mwa zabwinozo zinali zitazirala. Ndi kafukufuku wabwino ndipo sitikumunyoza. Tikungoti atsikana amene ankayankha mafunso aja anali a msinkhu wa azichemwali athu, olankhula chinenero chathu, ndipo yafika nthawi yoti ofunsa mafunso ndi osanthula mayankho akhalenso ife. Phalombe ndi limodzi mwa maboma oyambirira kulandira Mtukula Pakhomo pulogalamuyi itayambira ku Mchinji mu 2006. Zaka zonsezi za ndalama imeneyi m'midzi yathu zikudikira munthu wozifufuza amene safuna womasulira akamacheza ndi agogo.

Tikudziwa chimene ena mwayamba kale kulemba m'mutu. Phalombe? Boma limene kafukufuku wa National Statistical Office wa 2016 mpaka 2017 anapeza kuti anthu oposa 80 pa 100 alionse ndi osauka, kuposa boma lina lililonse? Kumene atsikana akuthera mu Sitandade 7 ndi 8, ena akukwatiwa ngakhale malamulo a dziko anakweza zaka zokwatirira kufika pa 18 mu 2017? Ndiye inu mukukamba za masters? Funso limeneli ndi lolemera ndipo sitilithawa, chifukwa ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku ndi ya atsikana omwewo. Koma tafunsani chimene chimamuchotsa mwana wamkazi pasukulu. Kawirikawiri si kusakonda sukulu. Ndi chaka chimene nandolo anagwa mtengo, ndi chaka chimene dzina la amayi ake silinatuluke pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo, ndi sekondale imene ili kutali ndipo bajeti ya hositelo inadulidwa. Zonsezi zimagamulidwa ndi anthu a manambala, ku Lilongwe, miyezi ingapo bajeti isanawerengedwe ku Nyumba ya Malamulo. Ife tikathamanga kukabweza mwana mmodzi ku ukwati, ndipo tizithamangabe, iwo ndi cholembera chimodzi amasuntha ana zikwi. Tikufuna anthu athu mbali zonse ziwiri.

Tsopano zenizeni, chifukwa sitikufuna kukunamizani. Masters ya Economics si kupitiriza nkhani zokoma za chaka chachinayi. Ndi masamu. Miyezi yoyamba mumakumana ndi microeconomics ndi macroeconomics zolembedwa mu calculus ndi matrix algebra, kenako econometrics, ndipo muyenera kudziwa kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta monga Stata kapena R. Amene anadutsamo amanena kuti chimagwetsa anthu si kupanda nzeru koma kufika osakonzeka, makamaka ngati papita zaka zitatu kapena zinayi musanagwire buku la masamu. Ichi ndi chifukwa china chosadikirira. Masamu amachita dzimbiri. Ndipo ambiri a ife tinakula tikumva kuti masamu ndi a anyamata, mpaka tinayamba kudzikayikira ngakhale pamene magiredi athu ankatsutsa. Ngati munakhoza Statistics ya chaka chachiwiri, mukhoza izinso. R ndi yaulere, maphunziro ake ali pa intaneti, ndipo manambala a kafukufuku wa m'mabanja wa NSO amapezeka kwaulere pa tsamba la World Bank ukalembetsa. Mukhoza kuyamba kusewera ndi manambala a Phalombe sabata ino musanalembere sukulu iliyonse.

Kopita kulipo, ndipo si kutali monga timaganizira. University of Malawi ku Zomba, imene ambiri timaitchabe Chanco, ili ndi masters ya Economics, ndipo ili m'gulu la mayunivesite ogwirizana pansi pa African Economic Research Consortium, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1988 ndipo likulu lake lili ku Nairobi. Pa mgwirizano umenewu ophunzira a m'maiko osiyanasiyana a mu Africa akhala akuphunzirira limodzi maphunziro osankha, ndiye mumatuluka muli ndi anzanu a ku Kenya, Ghana ndi Tanzania amene mudzakumana nawo m'maofesi moyo wanu wonse. LUANAR ku Bunda ili ndi masters ya Agricultural and Applied Economics, ndipo kwa munthu amene mtima wake uli pa nandolo, mpunga ndi mpendadzuwa, imeneyi mwina ndiye yoyenera. Kuchoka kuno kukafika ku Zomba kudzera ku Jali ndi ulendo wa tsiku lomwelo. Musanyoze ya kwathu poganiza kuti digiri yeniyeni ndi ya ku London yokha. Mphunzitsi wokuyang'anirani amene amadziwa kuti Mpasa ndi kuti ndi chuma pachokha.

Za kunja nazo zilipo. Chevening ya ku Britain imalipira zonse za masters ya chaka chimodzi, imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito pafupifupi zaka ziwiri, ndipo mukamaliza muyenera kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Ntchito yongodzipereka ndi ya internship nazo zimawerengedwa, choncho inu amene mwakhala mukuyenda ndi mabungwe m'midzi popanda malipiro enieni musadzichotsere nokha. Beit Trust imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, kutanthauza kuti opikisana nawo ndi ochepa poyerekeza ndi ena. Mandela Rhodes ndi ya achinyamata a mu Africa osapitirira zaka 29 okaphunzira ku South Africa. Taonani pamenepo, zaka zimawerengedwa, ndipo "ndidzaona" amadya zaka. Palinso Commonwealth, Mastercard Foundation, DAAD ya ku Germany ndi ya boma la Japan mogwirizana ndi World Bank. Amakana ambiri, zoona, ndipo ambiri amene anapita anakanidwapo kamodzi kapena kawiri. Koma timadabwa kuti mnyamata wa magiredi apakatikati amalembera malo asanu osachita manyazi, pamene mtsikana wa magiredi apamwamba amawerenga zofunikira, n'kupeza chimodzi chimene akukayikira, n'kutseka kompyuta.

Ndalama ndiye phiri lenileni, ndipo apa tisanamizane. Fizi ya masters ya kuno ndi mamiliyoni a kwacha, ndipo ambiri tikadali ndi ngongole ya boma imene tinaphunzirira digiri yoyamba. Ngakhale sikolashipu yolipira zonse imafuna ndalama musanaipeze: pasipoti, mayeso a Chingerezi a IELTS kumene amawafuna, thiransikiripiti, bandulo, ulendo wa ku Lilongwe kapena Blantyre. Pamwamba pa izo pali katundu amene anzathu a m'mabanja opeza bwino samudziwa. Mtsikana woyamba kupita ku yunivesite pamtundu sakhala wa iye yekha. Amayi anagulitsa mbuzi, amalume anapereka ya thiransipoti, ndipo tsiku lomaliza mayeso aliyense anapumira m'mwamba kuti tsopano mlongo wake alipiriridwa fizi. Kukawauza anthu amenewa kuti "ndikufuna ndibwererenso kusukulu zaka ziwiri" kumamveka ngati kuwathawa. Ifeyo sitinganene kuti aiwaleni. Koma khalani nawo pansi, muwawerengere monga munthu wa zachuma: zaka ziwiri zochepekedwa, poyerekeza ndi zaka makumi atatu za malipiro a udindo wina. Amayi amene amayendetsa banki mkhonde amadziwa bwino kusiyana kwa kudya sheya lero ndi kudikira tsiku logawana. Adzakumvani msanga kuposa mmene mukuganizira.

Ndiye pali ija ya "ukaphunzira kwambiri amuna adzakuopa". Imanenedwa ndi azakhali mwachikondi, imanenedwa ndi chibwenzi mwanthabwala, imanenedwa ngakhale ndi anthu ophunzira amene ana awo aakazi ali ku Cape Town. Ife yankho lathu ndi lalifupi: mwamuna woopa satifiketi adzaopanso malipiro anu, maganizo anu ndi anzanu, ndipo kuli bwino muzidziwe chinkhoswe chisanachitike. Amene muli kale pabanja kapena muli ndi mwana, musamve ngati takutsekerani kunja. Alipo amayi ambiri amene analemba mayeso mwana ali kumsana, ndipo timawavulira chipewa. Koma afunseni, adzakuuzani kuti zinali zowawa kawiri. Claudia Goldin, amene analandira mphotho ya Nobel ya zachuma mu 2023, mayi woyamba kuilandira payekha, anawonetsa ndi manambala a ku America kuti kusiyana kwa malipiro pakati pa mwamuna ndi mkazi ogwira ntchito yofanana kumakula kwambiri mwana woyamba akabadwa. Kumeneko ndi ku America kwa makina ochapira. Nanga kuno kumene mwana akadwala amene amagona pansi m'chipatala ndi mayi?

Nkhani ya kugona m'chipatalayi ikutifikitsa pa chinthu chimene maphunziro a zachuma enieniwo amalephera, ndipo muyenera kupita mukuchidziwa. Powerengera chuma cha dziko, chimene amachitcha GDP, ntchito yophika, kulera ana ndi kudwazika matenda pakhomo siwerengedwa ngati palibe wolipidwa. Marilyn Waring wa ku New Zealand analemba buku lonse pa nkhaniyi mu 1988, ndipo mpaka lero zinthu sizinasinthe kwenikweni. Mudzakhala m'kalasi momwe "banja" limatengedwa ngati munthu mmodzi wa chikwama chimodzi, pamene inu mukudziwa kuti ndalama ya fodya ndi ya nandolo sizilowa thumba limodzi. Mudzaphunzira za malo ngati kuti paliponse mwini munda ndi bambo, pamene kuno kwa Alhomwe mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi ndipo munda umayenda kuchikazi, komabe wokagulitsa zokolola n'kusunga ndalama nthawi zambiri amakhala bamboyo. Musakangomeza. Phunzirani zida zawo bwinobwino, mukhoze mayeso awo, kenako muzigwiritse ntchito pofunsa zimene iwo sanaziganizire. Wotsutsa amene sadziwa masamu amamuseka. Wotsutsa amene anawaposa m'kalasi amavuta kumuchotsa.

Mitu yofufuza kuno ili mbwee. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri mu Malichi 2023 n'kukokolola midzi ya kuno, ku Mulanje ndi ku Blantyre, chiwonongeko cha dziko lonse chinawerengedwa kuti chinaposa madola 500 miliyoni. Milatho ndi misewu n'zosavuta kuziika mtengo. Koma gulu la banki mkhonde limene mamembala ake onse anataya katundu tsiku limodzi limadzuka bwanji, ndipo ngongole zake zimatha bwanji? Akuluakulu amakumbukirabe Napolo wa 1991 pa phiri la Michesi, ndiye si nkhani yoti sidzabweranso. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995 ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Amayi owamba ndi kugulitsa matemba amapita kuti nyanja ikaphwa kapena ikatsekedwa? Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira Nobel ya zachuma mu 2009, anailandira chifukwa chofufuza mmene anthu wamba amasamalirira limodzi nyanja, nkhalango ndi madzi. Nanga ganyu wa ku Mozambique amabweretsa zingati m'boma lino, ndipo ndani amatsala ndi ana? Musapite kukalemba za msika wa masheya wa ku New York pamene zonsezi zili pakhomo.

Tisabisenso kuti masters si tikiti ya ntchito. Alipo a madigiri awiri amene akugulitsa kaunjika pa WhatsApp, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo, koma ndi umboni woti pepala lokha silokwanira m'dziko la ntchito zochepa ngati lino. Amene timawaona akupita patsogolo ndi amene anatuluka ndi luso logwirika: amatha kutsuka manambala osokonekera, kuwasanthula, n'kulemba masamba awiri amene nduna kapena mkulu wa khonsolo angawamve. Mabungwe ofufuza monga MwAPATA ndi IFPRI ku Lilongwe, kapena Centre for Social Research ku Zomba, ntchito yawo ndi yomweyo. Centre for Social Concern imawerengera mtengo wa zofunika pa banja mwezi ndi mwezi. Werengani zimene amatulutsa, muone mmene amalembera. Ndipo ngati cholinga chanu ndi kungothawa ulova kwa zaka ziwiri, kapena mtima wanu uli pa zamalamulo, zaumoyo kapena bizinesi, musadzikakamize. Sitikuti aliyense achite Economics. Tikuti amene mukuifuna musabwezedwe ndi zifukwa zimene anyamata sabwezedwa nazo.

Mbali ina ndi yathu tonse, chifukwa mtsikana mmodzi payekha zimamulemera. Timasonkherana za bridal shower, za chinkhoswe, za yunifolomu ya paukwati, ndipo ndalama zake zimatuluka sabata imodzi. Gulu lomwelo la pa WhatsApp likhoza kusonkha ya IELTS kapena ya pasipoti ya mnzathu. Magulu a chipereganyu amene tili nawo m'maofesi akhoza kuika mwezi umodzi wa "fizi ya achemwali". Amene munapita kale, kaya ku Zomba, ku Pretoria kapena ku Edinburgh, musangotitumizira zithunzi za chipale. Werengani kalata ya mnzanu yofunsira malo, muuzeni mosabisa pamene yafooka, mutumizireni manotsi anu a econometrics. Amene muli ndi mwana wa mnzanu pafupi, mutengeni Loweruka kuti amayi ake awerenge. Ndipo inu mabungwe amene mumatilemba ntchito za m'midzi, mumalankhula bwino za kutukula amayi pa zikwangwani zanu. Tiwonetseni ndondomeko yanu ya tchuthi cha maphunziro.

Chinthu chimodzi tichinene mosapsatira, chifukwa chimachitika ndipo ambiri amangokhala chete. Pa masters mumadalira kwambiri munthu mmodzi wokuyang'anirani pa kafukufuku, ndipo pofunsira malo mumadalira makalata a aphunzitsi akale. Ambiri ndi anthu aulemu amene amasangalala kuona wophunzira wawo akupita patsogolo. Koma wina akayamba kunena kuti mukakambirane za chaputala chanu kumalo ogona alendo, kapena kalata yanu ikuchedwa mpaka "mudzandione", sungani mauthenga onse, uzani mnzanu tsiku lomwelo, ndipo dziwani kuti lamulo la 2013 lija limaletsa nkhanza zotere ndipo muli ndi ufulu wokadandaula ndi kupempha wina wokuyang'anirani. Musasiye sukulu mwakachetechete ngati kuti wolakwa ndinu. Tiuzeni, tiyenda nanu.

Chevening imatsegula cha mu Ogasiti, ndipo masikolashipu ena ambiri a kunja amatseka chaka chisanathe kapena kumayambiriro kwa chinacho, pamene mayunivesite a kuno amalengeza m'nyuzipepala ndi pamasamba awo. Thiransikiripiti imatenga nthawi kutuluka, pasipoti nayo mukuidziwa mmene imachedwera, ndipo mphunzitsi amene anakuphunzitsani zaka zinayi zapitazo ayenera kukumbutsidwa kuti ndinu ndani asanalembe kalata yabwino. Mulembereni mwezi uno, mumutumizire CV ndi ndime imodzi yofotokoza chimene mukufuna kufufuza. Ife kuno tikufuna kuyambitsa kagulu kobwereza masamu ndi kuphunzira R pa foni Loweruka lililonse masana, ndipo tikusowa achemwali awiri kapena atatu amene anamaliza kale masters oti azitiwongolera. Amene mungathe, kapena amene mukufuna kulowa, tilembereni ku inbox, mutchule chimene munaphunzira ndi chaka chimene munamaliza.